Kukonzanso cilolezo ca nchito ca mlendo ndi ca banja lake masiku asanathe

Mlendo aliyense wocokera kunja amene agwira nchito muno m'Zambia ali ndi tsiku limene sayenera kuliiwala. Ndilo tsiku lolembedwa pa cilolezo cake ca nchito, losonyeza pamene cilolezoco cidzatha mphamvu. Tsikuli silikhudza iye yekha. Ngati anabwera ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo maina ao analembedwa pa cilolezo cake, onsewo akhala m'dziko lino cifukwa ca cilolezo cimeneco. Cikatha, mphamvu ya banja lonse yokhalira muno itha tsiku lomwelo, ngakhale mwana ali pakati pa mayeso, ngakhale mai ali pafupi kucira.

Nkhani za zilolezo ziri m'manja mwa cigawo coona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, cimene ambiri angocichula kuti Immigration. Cigawoci ciri pansi pa unduna woona za m'dziko ndi citetezo ca m'kati mwa dziko, ndipo likulu lake liri ku Kent Building, pa mseu wa Haile Selassie mu Lusaka. Ciri ndi maofesi m'zigawo zonse za dziko, m'mabwalo a ndeke ndi m'malire monga a Mwami, Chanida, Chirundu, Nakonde, Kasumbalesa ndi Kazungula. Mitundu ya zilolezo imene tifotokoza pano inakhazikitsidwa ndi lamulo la Immigration and Deportation Act, nambala 18 ya caka ca 2010, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la m'caka ca 1965.

Viza si cilolezo ca nchito

Anthu ambiri pokamba angoti "viza ya nchito", koma m'malamulo a dziko lino viza ndi cilolezo ca nchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Viza imangothandiza munthu kufika pa malire ndi kupempha kulowa. Nzika za maiko oyandikana nafe monga Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique zilowa popanda viza, ndipo kuyambira pa 1 January 2025 boma linaonjezera maiko ena 53 pa mndandanda wa maiko amene nzika zao sizifunika viza. Koma kulowa popanda viza sikupatsa munthu mphamvu yolowa nchito. Mlendo wodzaceza apatsidwa masiku osapitirira 90 m'miyezi 12, ndipo wobwera pa za malonda apatsidwa masiku 30 m'miyezi 12. Masiku amenewa ndi ocezera abale, oonera dziko kapena okhalira pa misonkhano ya malonda.

Izi zifunika kuzinena momveka makamaka kwa abale a kum'mawa. Munthu wa ku Mchinji akafika ku Chipata kapena ku Katete apeza cilankhulo cimodzi, mfunda umodzi, kapena ndi amalume ake enieni. Sadziona ngati mlendo, ndipo anthu samuona ngati mlendo. Koma lamulo liyang'ana pasipoti, siliyang'ana mfunda.

Zilolezo ziwiri za nchito

Coyamba ndi cilolezo ca nchito ca kanthawi, cochedwa Temporary Employment Permit. Ici cipatsidwa kwa munthu amene anabwera pa za malonda kapena za nchito yaifupi, koma afuna kukhala kupitirira masiku 30. Otero ndi monga akatswiri odzaika makina m'migodi ya ku Solwezi kapena ya ku Copperbelt, odzakonza zipangizo za magetsi, kapena odzaphunzitsa anchito a pa kampani kwa masabata owerengeka. Cilolezoci sicipitirira miyezi isanu ndi umodzi m'miyezi 12. Ndiye kuti kucionjezera kuli ndi polekezera. Nchito imene anthu anaganiza kuti idzatha m'miyezi itatu ikayamba kuoneka kuti idzadya caka, olemba nchito ayenera kuyamba msanga kupempha cilolezo caciwiri, osayembekezera kuti ca kanthawico aziciwonjezera mwezi ndi mwezi.

Caciwiri ndico cochedwa Employment Permit, ca munthu amene adzagwira nchito kupitirira miyezi isanu ndi umodzi. Kawirikawiri cilolezoci ciperekedwa kwa nthawi yosapitirira zaka ziwiri, ndipo cingathe kuonjezeredwa kufikira zaka 10 zonse pamodzi. Munthu amene wakwanitsa zaka 10 pa cilolezoci angathe kupempha cilolezo cokhazikika m'dziko, cochedwa Residence Permit. Ici ndi cifukwa cina cosungira bwino masiku: amene afuna kudzakhazikika muno afunika kudzaonetsa kuti zaka zonsezo anakhala mwa lamulo.

Cilolezo ca nchito cimangidwa pa zinthu zitatu: munthu, nchito yake, ndi amene anamulemba nchito. Wopempha ndi wolemba nchito, kapena loya kapena mlangizi wa za zilolezo wolembetsedwa ku cigawo amene wolemba nchitoyo wamutuma. Pa pempho loyamba, mlendo ayenera kukhala kunja kwa dziko kufikira cilolezo citavomerezedwa. Pokonzanso cilolezo cimene cikali ndi mphamvu, munthu safunika kutuluka. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa wopempha nthawi ikalipo ndi wocedwa. Woyambayo angoonjezera cimene ali naco kale, ali pa nchito, ana ali kusukulu. Wocedwayo alibe cimene angaonjezere.

Zimene zifunika pokonzanso

Masiku ano mapempho aperekedwa pa intaneti, pa tsamba la e-Services la cigawoci, ndipo zikalata zijambulidwa ndi kutumizidwa pomwepo. Kale munthu anali kunyamula faelo kupita nayo ku Kent Building ndi kukhala pa mzere. Njira yatsopanoyi yacepetsa maulendo, koma siinacepetse zikalata, ndipo cikalata cosaoneka bwino cibweza pempho monga momwe cinali kubwezera faelo.

Pamtima pa pempho pali kalata ya wolemba nchito yopita kwa mkulu wa cigawo, yofotokoza cifukwa cake mlendoyo akali kufunika. Pamodzi ndi kalatayo papita pangano la nchito loonjezeredwa, losainidwa ndi mbali zonse ziwiri, masamba a pasipoti, cithunzi ca posacedwa, ndi cilolezo cimene ciri pafupi kutha. Mapempho aunikidwa ndi komiti yoona za zilolezo, ndipo komitiyo siikakamizidwa kuvomera cifukwa cakuti inavomera zaka ziwiri zapitazo.

Funso limene olemba nchito ambiri salikonzekera ndi la nzika yophunzira nchito. Lamulo la za nchito la Employment Code Act, nambala 3 ya caka ca 2019, linati polemba nchito nzika ya Zambia ndiyo iyenera kuyamba kuganiziridwa, pokhapokha ngati palibe nzika yodziwa nchitoyo. Linatinso wolemba mlendo nchito asankhe nzika yoti iziphunzira kwa mlendoyo, akonze ndondomeko ya maphunzirowo, ndipo asunge kaundula wa alendo onse amene awalemba. Pa pempho loyamba kampani ilonjeza. Pokonzanso ndi pamene ifunsidwa kuti lonjezo lija lafika pati: wophunzira uja ndani, waphunzira ciani, adzatenga liti udindo. Kampani imene inangolemba dzina pa pepala ndi kuliiwala m'kabati ipeza kuti kalata yake iribe cokamba. Funso limeneli ndi loyenera, pakuti m'dziko muno muli acinyamata ambiri amene anatsiriza maphunziro ku UNZA, ku CBU ndi m'makoleji ena koma akali kufuna nchito. Coipa cake ndi cakuti kampani ikanyozera, amene abvutika ndi wanchito ndi ana ake, amene sanalakwe kanthu.

Amene agwira nchito za ukatswiri afunikanso satifiketi ya bungwe loyang'anira nchito yao. Mainjiniya alembetsa ku Engineering Institution of Zambia, akatswiri owerengera ndalama ku ZICA, madokotala ku Health Professions Council of Zambia, anamwino ndi azamba ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo aphunzitsi ku Teaching Council of Zambia. Masatifiketi amenewa ali ndi masiku aoao othera, amene sayenderana ndi masiku a cilolezo ca nchito. Munthu angathe kukhala ndi zonse m'manja, nkupeza kuti satifiketi ya ku bungwe lake inatha mu December. Zikalata za maphunziro a kunja zitsimikizidwa ndi bungwe la Zambia Qualifications Authority, ndipo amene anacita kale zimenezi asunge bwino cikalata cimene anapatsidwa.

Pasipoti nayo iri ndi nkhani yake. Pasipoti yotsala ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi ibvutitsa pa malire ndi pa pempho pomwe. Kukonzanso pasipoti si nchito ya boma la Zambia, ndi ya dziko la mwini wake, kudzera ku ofesi ya kazembe, ndipo maiko ena atenga miyezi kuti atumize yatsopano. Banja la anthu asanu liri ndi mapasipoti asanu, ndipo m'maiko ambiri a ana atha msanga kuposa a akulu.

Za ndalama, mitengo ya zilolezo iikidwa ndi boma ndipo isintha nthawi ndi nthawi, conco mtengo woyenera kuukhulupirira ndi umene uli pa tsamba la cigawo pa tsiku lolipira. Ndalama iriyonse yolipira ikhale ndi lisiti ya boma. Munthu woimirira kunja kwa ofesi wonena kuti adziwana ndi akuluakulu ndipo atulutsa cilolezo m'masiku awiri ndi woyenera kumuthawa. Cilolezo cabodza cikagwidwa, mlandu ugwera amene wacinyamula.

Banja

Mkazi kapena mwamuna wa mwini cilolezo, ndi ana ang'ono, alembedwa pa cilolezo ca nchito monga anthu odalira mwini wakeyo. Kuti alembedwe pafunika satifiketi ya ukwati, masatifiketi a kubadwa kwa ana, mapasipoti ao ndi zithunzi. Zikalata zimene siziri m'Cingerezi, monga za Cipwitikizi za ku Mozambique ndi Angola kapena za Cifalansa za ku Congo, zifunika kumasuliridwa ndi womasulira wobvomerezeka. Amene anakwatirana mwa mwambo, pamaso pa ankhoswe cabe, apeza bvuto apa, cifukwa ofesi ifuna pepala, ndipo pepalalo kawirikawiri licokera kwao kumene ukwati unamangidwira.

Colakwa cofala kwambiri ndi ici: ofesi ya kampani yoona za anchito ikonza pempho la wanchito wao, ndipo banja aliiwala, kapena aganiza kuti lingotsatira lokha. Wanchito nayenso aganiza kuti kampani yacita zonse. Conco mwini cilolezo afunse momveka, ndipo aone ndi maso ake kuti dzina la aliyense wa m'banja liri m'pempho lokonzanso, ndi kuti cilolezo catsopano cikatuluka onse alimo.

M'zaka ziwiri banja lisintha, ndipo kusintha kulikonse kukhudza zikalata. Mwana wobadwira muno mwa makolo amene onse awiri ndi alendo sakhala nzika ya Zambia cifukwa cobadwira ku UTH kapena ku Chipata Central Hospital. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, ati munthu ndi nzika mwa kubadwa ngati kholo lake limodzi kapena onse awiri ndi nzika. Mwana wotero afunika satifiketi ya kubadwa yocokera ku cigawo ca National Registration, Passport and Citizenship, kenaka pasipoti ya dziko la makolo ake, kenaka kulembedwa pa cilolezo. Zitatuzi zitsatana, cina sicitheka cinzake cisanatuluke, ndipo makolo ambiri azikumbukira pamene agula kale matikiti opita kukaonetsa mwana kwa agogo.

Kumbali ina kuli mwana amene akula. Akafika zaka 18 saonedwanso ngati mwana wongolembedwa pa cilolezo ca kholo, afunika cilolezo cakecake. Ngati ali pa sukulu kapena pa koleji, cimeneco ndi cilolezo ca maphunziro, cochedwa Study Permit, cimene cifuna kalata yocokera kusukuluko ndi umboni wakuti alipo womulipirira. Makolo ayang'ane tsiku lobadwa la mwana wao wamkulu ndi kuona ngati zaka 18 zidzakwana m'kati mwa zaka ziwiri zimene akupempha. Kholo lirilonse la mwana wa pasukulu, wamng'ono kapena wamkulu, licita bwino kufunsa ku ofesi ya cigawo ndi kusukulu za cilolezo ca maphunziro caka cisanayambe.

Cina cimene cidabwitsa ambiri ndi cakuti mkazi kapena mwamuna wolembedwa pa cilolezo ca mnzake aloledwa kukhala, koma saloledwa kulowa nchito pa mphamvu ya cilolezo cimeneco. Mai amene kwao anali namwino kapena mphunzitsi, akapeza nchito muno, omulemba ayenera kumupemphera cilolezo cake ca nchito. Tisasokonezenso zimenezi ndi cilolezo cochedwa Spouse Permit. Cimeneco ndi ca mlendo amene ali pa ukwati ndi nzika ya Zambia kapena ndi munthu wokhazikika muno, osati ndi mlendo mnzake wa pa cilolezo ca nchito.

Palinso zinthu zimene anthu sakonda kuzikamba. Ukwati ukatha, kapena mwini cilolezo akamwalira, maziko amene banja linali kukhalira muno acoka. Pa maliro palibe amene aganiza za pasipoti, koma maliro akatha wofedwa, kapena mbale womuimira, apite ku ofesi ya cigawo ndi satifiketi ya imfa kukafotokoza ndi kupempha nthawi yolongosola zinthu. Amayi ambiri amene anatsatira amuna ao sadziwa ngakhale tsiku limene cilolezo citha, cifukwa zikalata zonse asunga ndi abambo kapena ziri ku ofesi ya kampani. Munthu wamkulu aliyense m'banja akhale ndi kope lake la cilolezo ndi pasipoti yake pamalo pamene adziwa.

Kuwerenga masiku cobwerera m'mbuyo

Njira yabwino ndi kuyambira pa tsiku lothera ndi kuwerenga cobwerera. Tiyerekeze mphunzitsi wa masamu wocokera ku Zimbabwe amene aphunzitsa pa sukulu ina mu Lusaka, ndipo cilolezo cake citha pa 30 June. Pempho liyenera kukhala litalowa pofika kumapeto kwa March, kukali miyezi itatu, kuti ngati komiti ibweza funso kapena ifuna cikalata cina pakhale nthawi yoyankha. Kuti pempho lilowe mu March, pangano latsopano la nchito liyenera kusainidwa mu February. Kuti lisainidwe mu February, akulu a sukulu ayenera kukhala atagamula mu January kuti amufunabe. Ndipo ngati pasipoti ya mwana wake itha mu August, ulendo wa ku ofesi ya kazembe unayenera kucitika caka cisanathe. Tsiku la 30 June lioneka kutali munthu akaliona pa kalendala ya Khrisimasi, koma nchito yake iyamba pomwepo.

Kawirikawiri cimene cicedwetsa si ofesi ya boma, ndi pangano la nchito. Olemba nchito ena akonda kusiya nkhani ya pangano kufikira mwezi wotsiriza, mwina cifukwa akali kukambirana za malipiro, mwina cifukwa cosasamala cabe. Kwa wanchito amene ndi nzika kucedwa kotero ndi kokhumudwitsa. Kwa mlendo ndi koopsa, ndipo iye ali ndi cifukwa cokwanira colembera kalata kwa omulemba nchito, mwaulemu, kuwakumbutsa tsiku.

Pempho likalowa, lisiti ndi umboni wakuti lalowa zisungidwe pamodzi ndi pasipoti. Ngati tsiku lothera liyandikira yankho lisanabwere, mwini cilolezo apite yekha ku ofesi ya cigawo ya kufupi ndi kumene akhala, ndi lisitiyo, kuti maofesala amuuze cocita ndi kulemba zoyenera. Asangokhala kunyumba nkumati pempho liri m'kati. Maulendo a kunja pa nthawi yotereyi ndi ofunika kuwaganizira kawiri, cifukwa kutuluka n'kosabvuta, koma pobwerera ofesala wa pa malire adzafuna kuona cimene munthu alowera.

Nchito ikasintha kapena ikatha

Popeza cilolezo cimangidwa pa nchito ndi pa wolemba nchito, munthu sangacinyamule kupita naco ku kampani ina. Kusintha kampani, kapena kusintha udindo m'kampani yomweyo, kufuna pempho ku cigawo munthu asanayambe nchito yatsopanoyo. Amene anabwera monga injiniya nakwezedwa kukhala woyang'anira nthambi, cilolezo cake cikali kunena za injiniya, adzafunsidwa za kusiyanako tsiku lokonzanso.

Nchito ikatha, kaya pangano lafika kumapeto, kaya munthu wasiya yekha kapena wacotsedwa, lamulo la 2010 linapatsa wolemba nchito udindo wobweza cilolezo ku cigawo pasanathe mwezi umodzi, ndiponso udindo wobwezera wanchitoyo kwao. Tsiku lolembedwa pa cilolezo lingakhale likali kutsogolo ndi miyezi isanu ndi itatu, koma nchito ikatha maziko ake atha, a wanchito ndi a banja lomwe.

Kukhala m'dziko cilolezo citatha ndi mlandu. Munthu angathe kumangidwa, kulipitsidwa ndalama, kutulutsidwa m'dziko, ndipo ena aletsedwa kudzalowanso. Wolemba nchito amene asunga mlendo wopanda cilolezo nayenso ali ndi mlandu wake. Cigawo cimacita zipikisheni m'malo a nchito, m'misika ndi m'miseu, ndipo nkhani za anthu ogwidwa motere mumazimva kawirikawiri pa wailesi. Amene wazindikira kuti masiku amupitirira acita bwino kupita yekha ku ofesi ndi omulemba nchito kapena loya, kusiyana ndi kudikira kuti akamupeze pa nchito.

Pempho lokonzanso likakanidwa, lamulo la 2010 linapereka mwayi wocita apilo kwa nduna ya undunawu. Kalata yokana iwerengedwe bwino tsiku lomwe yafika, pakuti ndi mmene muli cifukwa cokanira, ndipo apilo iyenera kuyankha cifukwa cimeneco ndi zikalata, osati ndi madandaulo cabe. Amene anapempha mu March akalandira kalata yotere mu May, angathe kucita apilo mwamsanga cilolezo cisanathe, ndipo ngati ilephera akali ndi nthawi yotengera ana makalata osamukira kusukulu, kudziwitsa mwini nyumba, kugulitsa galimoto ndi kutseka za ku banki.